Kukonzanso Nyumba Yakale: Mwini Nyumba ndi Kontilakita Wake

Nkhani ya lero ndi ya nyumba yakale imene yafika poti ikonzedwe, komanso ya munthu amene amapatsidwa ntchito yoikonzayo, kontilakita.

Kukonza nyumba kulipo kwa mitundu iwiri. Pali kukonza kwapang'ono, monga kupaka penti kapena kusintha loko. Pali kukonza kwakukulu: kusasula denga lonse, kugumula khoma, kuwonjezera zipinda, kulowetsa bafa ndi chimbudzi m'nyumba. Kukonza kwakukuluku ndiko kumene nkhani ya lero yagona.

Ambiri amaganiza kuti kukonza nyumba yakale n'kosavuta kusiyana ndi kumanga yatsopano. Amisiri odziwa ntchito amanena zosiyana. Womanga nyumba yatsopano amaona chilichonse chimene akuika, kuyambira pa maziko mpaka pa denga. Wokonza nyumba yakale amalowa m'ntchito ya mmisiri wina, mwina amene anamwalira kalekale. Sadziwa kuti maziko anakumbidwa mozama bwanji. Sadziwa ngati njerwa zinamangidwa ndi simenti kapena ndi dothi. Sadziwa zimene chiswe chachita ku matabwa a kudenga. Kunja nyumba ikhoza kuoneka yabwinobwino ndi penti yake. Koma paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nyumba yakale imabisa zambiri. Chifukwa cha ichi, pali mfundo ziwiri zimene zibwerezedwe kangapo m'nkhani ino. Yoyamba: zonse zogwirizana zilembedwe. Yachiwiri: ndalama zizitsata ntchito, zisamatsogole.

Tiyambe ndi zimene mwini nyumba ayenera kuchita asanaitane mmisiri aliyense.

Kodi mwini nyumba akufuna chiyani kwenikweni? Funsoli likumveka lopepuka, koma mikangano yambiri imabadwira pamenepa. Bambo akufuna chipinda chochezera chikule. Mayi akufuna khitchini ilowe m'nyumba. Ana akufuna chipinda chawochawo. Ngati banja silinamange chimodzi, mmisiri amauzidwa zina m'mawa, zina madzulo. Khoma limamangidwa Lolemba n'kugumulidwa Lachinayi. Simenti yapita, njerwa zasweka, ndipo mmisiri akufuna malipiro a ntchito ziwiri. Choncho banja likhale pansi kaye. Lisiyanitse zofunika ndi zokhumba. Denga lodontha ndi chofunika. Matailosi onyezimira ndi chokhumba. Ndalama zikachepa pakati pa ntchito, zokhumba zikhoza kudikira chaka chamawa.

Palinso funso la umwini. Nyumba yamasiye imene abale sanagawane si yothirapo ndalama zambiri asanagwirizane onse. Nyumba ya lendi, kaya ya munthu kaya ya Malawi Housing Corporation, sigumulidwa popanda chilolezo cha mwini wake.

Kenako pamabwera pulani. M'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba, munthu wowonjezera zipinda kapena wosintha kamangidwe ka nyumba ayenera kupereka pulani ku khonsolo kuti ivomerezedwe. Lamulo loona za kamangidwe ka malo la 2016 ndilo limapereka mphamvuzi. Ena amati kupita kukhonsolo n'kutaya nthawi. Koma chipinda chomangidwa pamwamba pa paipi ya madzi, kapena cholowa m'malire a msewu, chikhoza kugwetsedwa, ndipo mwini wake sabwezeredwa kanthu. Pulani ili ndi phindu linanso. Imachititsa kuti amisiri onse ofunsidwa mtengo awerengere chinthu chimodzi.

Pa nkhani yogumula makoma, pafunika kudekha kwambiri. Makoma ena amangogawa zipinda. Ena amanyamula denga. Kugumula khoma lonyamula denga popanda kuikapo bimu yolimba ndi kuika miyoyo pachiswe. Apa pamafunika injiniya, ngakhale wongobwera tsiku limodzi kudzaona. Ndalama ya injiniyayo ndi yochepa poyerekeza ndi denga logwera anthu ali m'tulo.

Nyengo nayo iwerengedwe. Mvula kuno imayamba cha mu Novembala n'kutha cha mu Epulo. Denga silisasulidwa mu Disembala. Ntchito ya denga ndi ya maziko ndi ya chilimwe, ndipo iyambike msanga kuti mvula yoyamba ipeze nyumba itafoleredwa.

Tsopano tifike pa funso lalikulu. Kodi kontilakita wabwino amapezeka bwanji?

Choyamba, pali njira ziwiri zoperekera ntchito. Njira ina ndi yoti kontilakita atenge zonse: agule zipangizo, abweretse anyamata ake, amalize, apereke makiyi. Njira ina ndi yoti mwini nyumba azigula yekha zipangizo, mmisiri azingolipidwa za ntchito ya manja ake. Njira yachiwiriyi ndiyo yofala m'makwalalamu. Imapulumutsa ndalama, koma imadya nthawi. Mwini nyumba amasanduka wothamangathamanga: lero mchenga, mawa misomali, mkuja mayendedwe a malata. Munthu wapantchito yolowa m'mawa n'kuweruka madzulo aganize kawiri asanasankhe njira imeneyi. Zipangizo zikachedwa, amisiri amakhala pansi pa mtengo, ndipo kuchedwako si mlandu wawo.

Makontilakita a m'dziko muno amalembetsedwa. Bungwe la NCIC, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1996, linapatsidwa udindo wowalemba m'kaundula ndi kuwaika m'magulu potengera kukula kwa ntchito imene angathe. Pa ntchito yaikulu, mwini nyumba ali ndi ufulu wopempha kuona satifiketi. Kontilakita weniweni sakwiya nalo pempho limeneli. Amisiri ambiri a m'madera alibe kampani, koma ena ali ndi mapepala a sukulu za ntchito zamanja, monga a TEVETA. Amenewonso ndi oyenera kuwaona.

Komabe pepala silimanga nyumba. Umboni waukulu wa mmisiri ndi nyumba imene anamanga kale. Ndipo isakhale ya mwezi watha, chifukwa penti yatsopano imakometsa chilichonse. Ikhale nyumba imene yapyola mvula ziwiri kapena zitatu. Mwini nyumba apite akaione ndi maso. Ayang'ane m'makona a mawindo ngati muli ming'alu. Ayang'ane siling'i ngati ili ndi mabanga a madzi. Agogode pulasitala ndi chala. Pulasitala yogwira bwino imamveka yolimba, yosagwira imalira ngati mulibe kanthu m'kati. Atsegule chitseko ndi kutseka, aone ngati chikukhula pansi. Athire madzi m'bafa, aone ngati akuthamangira kudzenje kapena akuima pakati.

Akatero acheze ndi mwini wake wa nyumbayo, mmisiri palibe. Kodi anamaliza pa nthawi yake? Kodi mtengo unakwera kangati? Kodi atalandira ndalama ankabwerabe kuntchito? Kodi ataitanidwa kudzakonza cholakwika anabwera? Mafunso amenewa ndi aulere. Paja safunsa anadya phula.

Nanga wachibale? Nanga mnzake wa kutchalitchi kapena kumzikiti? Palibe cholakwika kupatsa ntchito mlamu amene ndi mmisiri. Vuto limabwera pamene chibale chalowa m'malo mwa mgwirizano. Anthu amachita manyazi kulemba pepala ndi m'bale wawo. Ntchito ikalakwika amachitanso manyazi kudzudzula. Mapeto ake nyumba yaonongeka, chibale chaonongekanso. Pepala limateteza chibale. Wachibale alembedwe ntchito mofanana ndi mlendo.

Tapeza amisiri. Tsopano tikambe za mtengo.

Ndi bwino kufunsa amisiri atatu. Aliyense abwere panyumba, azungulire, akwere kudenga, ayeze ndi tepi. Mmisiri wotchula mtengo pafoni, nyumba asanaione, akungolota. Mmisiri wabwino amafunsa mafunso ambiri, amalemba m'kope, ndipo amapempha masiku angapo kuti akawerengere.

Kotesheni yabwino imaonetsa zinthu padera. Zipangizo pazokha, ntchito ya manja payokha. Matumba a simenti angati, malata angati ndipo a geji yanji, matabwa angati, maulendo angati a mchenga ndi miyala ya kwale. Kotesheni yongonena kuti kukonza nyumba yonse ndi ndalama zakuti siithandiza, chifukwa tsiku la mkangano palibe pogwira. Ifotokozenso zimene mulibe. Kodi kutaya zigumukire kuli momwemo? Kodi madzi omangira alipira ndani? Kodi chakudya cha masana cha anyamata chili kwa yani? Tinthu timeneti timaoneka tating'ono, koma ndito timayambanitsa anthu.

Mtengo wotsikitsitsa ndi wofunika kuusinkhasinkha. Amisiri awiri akatchula mitengo yoyandikana, wachitatu n'kutchula theka lake, pali chimene chikuchitika. Mwina waiwala zina. Mwina akufuna angolowa kaye, denga likasasuka ayambe kukweza, podziwa kuti mwini nyumba sangabwerere m'mbuyo. Mwinanso akuganiza zochepetsa simenti. Mwini nyumba naye asakakamize mmisiri kutsitsa mtengo mopyola muyeso. Mmisiri wofinyidwa amakabweza ndalama yakeyo pa ntchito, pamalo pamene diso silifika.

Tafika pa mfundo yoyamba ija: zonse zogwirizana zilembedwe.

Mgwirizano sufunika Chingerezi chozama. Ukhoza kulembedwa m'Chichewa, pa mapepala awiri. Unene mayina a anthu awiriwo ndi manambala a ziphaso zawo. Unene ntchito yonse, chipinda ndi chipinda. Unene mtengo, tsiku loyamba, tsiku lomaliza, ndi kalipiridwe. Unene chochitika ntchito ikachedwa popanda chifukwa. Onse awiri asayine, mboni zisayinenso, aliyense atenge pepala lake. Pa ntchito ya ndalama zambiri, kulipira loya kuti awerenge pepalalo si kuwononga.

Mgwirizano unenenso za kukwera kwa mitengo. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya zipangizo zomangira inakwera. Ntchito zomwe zinali pakati zinakumana ndi funso lovuta: wolipira kusiyanako ndani? Funso limeneli liyankhidwe ntchito isanayambe. Ena amagwirizana kuti mtengo wa ntchito ya manja susintha, koma zipangizo zizilipidwa motsata malisiti. Ena amagula zipangizo zosaonongeka msanga, monga malata, zitsulo ndi mafelemu, pachiyambi pomwe.

Ndiye mfundo yachiwiri ija: ndalama zizitsata ntchito, zisamatsogole.

Apa ndi pamene anthu ambiri amalirira. Mwini nyumba walandira ndalama za penshoni, kapena wagulitsa fodya, kapena watenga ngongole kubanki. Ndalama zili m'manja. Kontilakita akuti mundipatse zonse kuti ndigule katundu pamodzi. Mwini nyumba wapereka. Sabata yoyamba anyamata adzaza pabwalo. Sabata yachiwiri atsala awiri. Sabata yachitatu foni sikupezeka. Nthawi zambiri kontilakitayo sanathawe. Watenga ndalama za nyumba ino n'kukamalizira ntchito ya kwina imene anadya kale ndalama zake. Tsopano akudikira kasitomala wina kuti adzamalizire ino.

Mankhwala ake ndi kulipira m'magawo. Ndalama yoyambira ikhale yochepa, yokwanira kusonkhanitsa anyamata ndi zida. Maziko akatha, gawo lina. Makoma akafika pa ring'ibimu, gawo lina. Denga likafoleredwa, gawo lina. Pulasitala ndi pansi zikatha, gawo lina. Gawo lililonse liperekedwe mwini nyumba ataona ndi maso kuti ntchitoyo yathadi. Tsiku lililonse, ntchito yogwiridwa ikhale yambiri kuposa ndalama zoperekedwa. Zikatero, ngakhale kontilakita atasowa, ndalama zotsala zikhoza kulemba wina.

Ndalama iliyonse isiye phazi. Kulipira kudzera kubanki, pa Airtel Money kapena pa Mpamba kumasiya umboni wa tsiku ndi kuchuluka kwake. Ikaperekedwa pamanja, wolandira asayine m'kope. Ngakhale kandalama kamene mmisiri wapempha Lachisanu kuti kunyumba kwadwala mwana kalembedwe. Kumuthandiza n'kwabwino, ndi umunthu. Koma kalembedwe, chifukwa pakutha pa miyezi itatu palibe amene adzakumbukire bwino.

Tipite ku zipangizo.

Simenti ndiyo mtima wa ntchito, ndipo ndiyo imasowa kwambiri. Thumba limodzi limalemera makilogalamu 50. Siikhalitsa: ikadutsa miyezi itatu imayamba kuchepa mphamvu, ndipo ikakhudza chinyezi imaundana. Isungidwe m'chipinda chouma, pamwamba pa matabwa, osati pansi. Thumba lokhala ndi mibulu yolimba libwezedwe. Njira yosavuta yoletsa kusowa kwa simenti ndi kuwerenga matumba opanda kanthu madzulo alionse. Atuluka asanu m'mawa, abwerere asanu madzulo, odzaza kapena opanda kanthu. Izi zinenedwe poyera tsiku loyamba, kuti pasakhale woganiza kuti akumunamizira kuba.

Mchenga nawo uli ndi nkhani yake. Mchenga wa dothi lambiri umafooketsa simenti. Kuuyesa n'kosavuta. Munthu atape mchenga wonyowa, aufinye m'dzanja, atsegule. Ukasiya matope m'chikhatho, dothi lachuluka. Kapena authire m'botolo la madzi, akhutchumule, ausiye ukhazikike. Dothi limakhala pamwamba, mchenga pansi, ndipo diso limaona lokha kuchuluka kwake.

Malata amasiyana makulidwe, ndipo nambala ya geji imasocheretsa ambiri. Nambala ikakula, lata limapyapyala. Lata la geji 28 ndi lochindikala kuposa la geji 32. Mwini nyumba akalipira geji 28, aone kuti chafika ndi chomwecho, malatawo asanakwere kudenga. Matabwa akhale ouma, owongoka, opakidwa mankhwala a chiswe. Thabwa laliwisi limapindika likauma, ndipo denga limapindika nalo.

Nyumba zambiri zakale ndi za njerwa zootcha, pamene zowonjezera masiku ano zikumangidwa ndi mabuloko a simenti. Kuyambira 2018 malamulo analetsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zamalonda pofuna kuteteza mitengo, ndipo mabuloko afala. Pamene khoma latsopano likumana ndi lakale ndi pamene mng'alu umakonda kutulukira. Mwini nyumba afunse mmisiri kuti alumikiza bwanji makoma awiriwo. Wodziwa ntchito amayankha mosajejema, amatchula zolumanitsa njerwa kapena zoikamo zitsulo. Woyankha kuti pulasitala idzabisa, ameneyo ndi woti amuyang'anitsitse.

Tsopano ntchito yayamba. Kodi mwini nyumba azichita chiyani?

Aziona zinthu zisanakwiriridwe. Iyi ndi ntchito yake yaikulu. Ngalande ya maziko aione konkire isanathiridwe. Zitsulo za mu ring'ibimu azione zisanamizidwe. Pepala lakuda loletsa chinyezi alione lisanaphimbidwe. Mapaipi a madzi ayesedwe ngati sakudontha khoma lisanamatidwe. Zikakwiririka, zakwiririka. Foni ili ndi kamera, ajambule. Zithunzi zimenezi zidzathandizanso patapita zaka, munthu akafuna kukhoma msomali osaboola paipi.

Konkire imafuna madzi ikathiridwa. Izithiriridwa kwa masiku osachepera 7, ndipo mphamvu zake zimakwanira pakatha masiku 28. Mwini nyumba wothamangitsa amisiri kuti achotse matabwa ochirikiza msanga akudzipweteka yekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Magetsi ndi madzi zili ndi eni ake. Mawaya aikidwe ndi mmisiri wa magetsi wovomerezeka ndi bungwe la MERA, osati mnyamata aliyense wodziwa kulumikiza babu. Mita ya magetsi ndi ya ESCOM, mita ya madzi ndi ya Water Board. Ikafunika kusunthidwa, eni akewo ndiwo adziwitsidwe. Mawaya akale ofumbwa abisika m'siling'i za nyumba zambiri, ndipo moto umayambira kumeneko. Denga likatseguka, ndi nthawi yabwino yowasintha.

Nyumba zina zakale za m'tauni zili ndi denga la asibesitosi. Fumbi lake limaononga mapapo, ndipo matenda ake amaonekera patapita zaka zambiri. Mapepala a denga limeneli sadulidwa, saswedwa, saponyedwa pansi kuchokera kudenga. Amanyowetsedwa, n'kutsitsidwa athunthu, ochotsawo ataphimba mphuno ndi pakamwa. Ana asayandikire.

Paja tinati nyumba yakale imabisa zambiri. Tsiku lina mmisiri adzaitana mwini nyumba n'kumuonetsa zimene wapeza. Wachotsa siling'i, wapeza matabwa onse adyedwa ndi chiswe. Wakumba pambali pa khoma, wapeza maziko ndi osaya. Pamenepa mwini nyumba asafulumire kunena kuti akuberedwa. Mmisiri sakanaona zimenezi pa tsiku la kotesheni. Chofunika n'chakuti ntchito iime pang'ono, awiriwo aone limodzi, agwirizane mtengo wa ntchito yowonjezerayo, alembe, asayine, kenako ntchito ipitirire. Mtengo uyambe, ntchito itsatire. Mawu akuti pangani tidzaonana ndi amene amabala milandu. N'chifukwa chake mwini nyumba wanzeru amapatula ndalama yapadera, ngati gawo limodzi mwa magawo khumi a mtengo wonse kapena kuposerapo, yodikira zobisikazi. Walira mvula walira matope.

Zosintha zochokera kwa mwini nyumba zimatsata njira yomweyo. Waona zenera lokongola kwa mnzake, akufuna lake likule. Ndi ufulu wake. Koma adziwe kuti kusintha kuli ndi mtengo, ndipo kumasuntha tsiku lomaliza. Zilembedwe.

Pamalo a ntchito pakhale pakamwa pamodzi. Banja lisankhe munthu mmodzi wolankhula ndi kontilakita. Munthuyo azilankhula ndi kontilakita kapena folomani wake, osati kulamula anyamata mwachindunji. Cholakwika chikaoneka, aitanire kontilakita pambali. Kumukalipira pamaso pa anyamata ake kumamuchotsera ulemu, ndipo ntchito siikoma pamene mitima yawawa. Ndi bwino kukhala ndi tsiku limodzi pa sabata loyendera ntchito pamodzi, kuona zatha, zatsala, ndi zofunika kugula.

Banja lokhala m'nyumba momwemo ntchito ili m'kati limavutika. Fumbi limalowa mpaka mu ufa. Madzi amatsekedwa. Pabwalo pamakhala misomali, maenje ndi makwerero. Ngati n'kotheka kusamuka kwa kanthawi, ndi bwino. Ngati n'kosatheka, ntchito igawidwe mbali ndi mbali, katundu wamtengo atsekeredwe, ndipo zigwirizanidwe kuti anyamata azigwiritsa chimbudzi chiti. Anansi nawo auzidwe, chifukwa phokoso ndi fumbi sizidziwa mpanda.

Mawu apadera apite kwa amene akumangitsa ali kutali, ku Johannesburg, ku Cape Town, ku London. Ambiri amatumiza ndalama mwezi ndi mwezi, n'kumalandira zithunzi pa WhatsApp. Chithunzi chimaonetsa mbali imene wojambula wasankha. Wosunga ndalama akhale wina, woyendera ntchito akhale wina. Zipangizo zikhoza kulipiridwa mwachindunji kusitolo. Ndipo pamagawo akuluakulu, munthu wodziwa zomanga, wosakhala mnzake wa kontilakita, apite akaone ndalama isanatumizidwe. Kwa iwo mfundo ija ndi yofunika koposa: ndalama zizitsata ntchito.

Nkhaniyi isamveke ngati olakwa ndi amisiri okha. Amisiri nawo ali ndi madandaulo, ndipo ambiri ndi oona. Alipo eni nyumba amene ntchito ikatha amayamba kufunafuna zifukwa kuti asalipire. Alipo amene amati bwera mawa kwa miyezi. Kontilakita ali ndi anyamata oti awalipire Loweruka, ndipo anyamatawo ali ndi mabanja odikira ufa. Gawo la ntchito likatha bwino, ndalama ituluke tsiku lomwe anagwirizana. Ndalama zikatha m'thumba, mwini nyumba anene msanga, kuti ntchito iimitsidwe pamalo abwino, denga litafoleredwa, osati makoma ali pamtetete mvula ili pafupi.

Nanga zikavuta ndithu? Choyamba ndi kukambirana, pepala lija lili patebulo, mboni zija zilipo. Zikakanika, mwini nyumba alembe kalata yonena cholakwika ndi tsiku loti chikhale chitakonzedwa. Asanalembe mmisiri wina, ntchito yogwiridwa iyezedwe ndi kujambulidwa, kuti adziwike amene ali ndi ngongole kwa mnzake. Ngati kontilakita ndi wolembetsedwa, dandaulo likhoza kupita ku bungwe limene linamulembetsa. Khoti liliponso. Kulanda zida za mmisiri kapena kumutumizira anyamata oopseza kumasandutsa wodandaula kukhala wolakwa. Kulikonse kumene nkhani ingapite, funso loyamba lidzakhala lomwelo: pepala lili kuti, malisiti ali kuti?

Gawo lomaliza ndi kulandira ntchito. Tsiku limeneli awiriwo ayende chipinda ndi chipinda masana, kuwala kulipo. Mpopi uliwonse utsegulidwe. Switchi iliyonse iyatsidwe. Zenera lililonse litsekedwe ndi kutsegulidwa. Matailosi agogodedwe. Zolakwika zonse zilembedwe pa pepala limodzi, ndi tsiku lozikonzera. Zigumukire zichotsedwe, zipangizo zotsala ziwerengedwe, makiyi onse abwezedwe.

Pa ntchito zikuluzikulu pali mwambo wosunga kagawo ka ndalama, kawirikawiri 5 kapena 10 peresenti, kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka. M'nthawi imeneyi kontilakita amakonza mwaulere zolakwika zochokera ku ntchito yake. Mwini nyumba wamba akhoza kutengera mwambo womwewu, bola ulembedwe mu mgwirizano pachiyambi, osati kuutulukira tsiku lomaliza. Kwa nyumba yofoleredwa m'chilimwe, nthawi yodikirayi ifike mpaka mvula itagwa mokwanira, chifukwa denga silidziwika mu Okutobala. Mvula ikagwa, siling'i n'kukhala youma, makoma osang'aluka, kontilakita aitanidwe, alandire ndalama yake yotsala yonse, ndipo asayine kuti walandira.